Chilankhulo cha Bambo Tayi

Tandiuzani inu amene munapita patali ndi sukulu: ndi nkhuku yanji imene imakulira kwa eni ake, koma mazira n'kukaikira kwa aneba? Musakande m'mutu mpaka kutuluka magazi. Ndi mwana wa eni amene amabwera pandege kudzaphunzira kuyunivesite, n'kumera mizu konkuno.

Mmodzi wa ana oterewa ankakhala kwa mayi wina wosoka zovala, m'kachipinda kakuseri komwe kale ankaunjikamo zigamba. Mtsikanayo anabwera kudzaphunzira unamwino atanyamula chikwama chachikulu kumuposa, asakudziwa ngakhale kupempha madzi. Telalayo analibe mwana wamkazi, choncho anangomutola. Anamupatsa dzina loti Chigamba, ati chifukwa anachita kumusokerera pabanja. Anamuphunzitsa kulankhula, kuyambira ndi mawu otukwanira makina akadula ulusi, ndipo mtsikanayo ankabwezera pomuyeza kuthamanga kwa magazi m'mawa uliwonse, kaya akudwala kaya ayi.

Tsono Chigamba anamaliza maphunziro. Chipatala cha konkuno chinamuitana ntchito, pomwe kwawo amayi ake ankamudikira. Mwanayo anasowa kolowera, ndipo telala mutu unasiya kugwira, mpaka anasoka thalauza la munthu miyendo yosiyana. Sankafuna kuti kachipinda kaja kazirale.

Telalayo anaitanitsa mchimwene wake, amene ntchito yake inali yoyendera sukulu zakunja kukakopa ana kuti adzaphunzire kuno. Ndi iyeyo anabweretsa Chigamba. Anthu ankamutcha Bambo Tayi, chifukwa ngakhale popita kukataya zinyalala ankavala tayi. Anakhala pampando wa makasitomala, n'kusanjika mwendo, n'kunena kuti nkhaniyo ndi yochepa. Pakanapanda iye, ati, muyunivesite mukanangokhala mileme, ndipo eni nyumba ndi oyendetsa mabasi onse amadyera thukuta lake. Chilankhulo cha kwawo kwa Chigamba amachidziwa ngati anayamwira komweko. Ali ndi mawu ena ake otanthauza kuti "Ndipatseni ana anu, ndiwasamalira," amene akawanena muholo makolo amachita kugubuduka ndi chimwemwe. Amayi a mwanayo akangowamva, avomera okha kuti akhale.

Anaimbira foni amayi a Chigamba n'kuiika pamwamba pa makina kuti onse amve. Bambo Tayi anakonza kukhosi, nakonzanso tayi ngakhale kuti mayiyo sankamuona, n'kuwataya mawu aja mokweza.

Kenako mufoni munatuluka kuseka kwa munthu wamkulu, kuseka kofika potsokomola. Chigamba anali atabisa nkhope m'nsalu ya kasitomala, mapewa akugwedera.

"Malume," anatero atapeza mpweya, "mawu amenewa anakuphunzitsani ndani?"

Iye anati profesa wamkulu, mnzake wapamtima.

"Mwanena kuti, 'Ndipatseni ana anu, ndiwameza.'"

Chigamba anafotokoza kuti kwawoko kusamalira ndi kumeza n'zoyandikana, chimasiyanitsa ndi kukweza mawu kumapeto, ndipo malumewo anakweza ndi mtima wonse. Mayi uja analankhulanso, Chigamba n'kumamasulira. Ati mwa onse obwera kudzakopa ana, uyu yekha ndiye wanena zoona. Mumsewu wawo okopa anawa anameza ana anzeru onse, ndipo kuchipatala chawo namwino anatsala ndi mmodzi, wokalamba, amene jakisoni amabaya mongopapasa. Koma anathokoza telala pomunenepetsera mwana, ati pazithunzi masaya akuoneka.

Chifuwa cha mayi wa mufoni chija sichinali cha kuseka kokha, telala anachimva bwino. Anachotsa tepi m'khosi n'kuyamba kumuyeza Chigamba m'chiuno, akung'ung'udza kuti mwana wake sangakwere ndege atavala ngati wothawa ngongole, ndipo kachipindako sapatsa wina aliyense, kazidikira tchuthi. Mtsikanayo anamukumbatira mpaka mapini anagwa pansi.

Bambo Tayi anayesa kudzipulumutsa. Anati iye amalankhula cha m'tauni, cha anthu ophunzira, mwina mayiwa anazolowera cha kumudzi.

"Amayi ndi mphunzitsi wa chilankhulocho, malume," anatero Chigamba.

Telala anapita kumbuyo kwa mchimwene wakeyo n'kuyamba kumumenya pamsana ngati mwana wotsamwa.

"Lavulani, achimwene. Lavulani ana a eni. Mimbayi ife timayesa ndi ya mowa."

Mayi wa mufoni, atamumasulira, anayambiranso kuseka, ndipo kasitomala amene anabwerera thalauza lake uja anaseka nawo pakhomo asakudziwa n'komwe nkhani yake.