Kapu ya Mkaka

Kalipentala anali munthu wosauzika. Mpando ukamagwedera ankadziwa pokhoma msomali, ndipo ankayesa kuti thupi la munthu n'chimodzimodzi. Dokotala atanena kuti khansa ya m'magazi yayamba kudya mafupa a mkazi wake, iye anangotolapo liwu limodzi: mafupa. Zina zonse zinalowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Pobwerera kunyumba anagula mkaka ndi botolo la mapiritsi a kashiamu, aja amati amalimbitsa mafupa. Sanafunse munthu.

Chikwatiranireni, mkazi wakeyo sankagwirizana ndi mkaka, ngakhale fungo lake lokha.

"Akalipentala, mkakawu ukundichititsa nseru. Ndipatseniko madzi, kukhosi kwauma gwa."

"Madzi anamangapo fupa la ndani? Malizani kaye kapuyo."

Mayiyo akakana, bamboyo ankanyanyala n'kupita kushedi kukapala matabwa opalapala kale, mpaka amve kuitana kuti kapu yatha. Ankabwerako akumwetulira, wopambana.

Kenako mayiyo anayamba kumangogona, kudzimbidwa, ndi kuitana mwana wawo ndi dzina la mng'ono wake amene anamwalira kalekale. Kuchipatala anamuyeza magazi.

"Kashiamu wachuluka kwambiri," anatero dokotala. "Matendawa akusungunula mafupa, kashiamuyo n'kumathira m'magazi. Ndi amene akuwasokoneza mutu. Akufunika madzi ambiri. Pali china chimene akhala akumwa kunyumba?"

Kalipentala anatulutsa botolo lija.

"Amenewa asiyeni lero lomwe. Koma wolakwa wamkulu ndi matendawa, bambo, ndipo afika patali."

Mawuwo sanamutonthoze. Chinkamudya mumtima chinali masabata aja pamene mkazi wake anali ndi nzeru zake zonse, wotha kucheza ndi kumuseka dazi. Iye anawathera pa kukanganirana kapu. Tsopano ankangofuna chimodzi, kupepesa mkaziyo akumumva.

Anamesi anamuika diripi mayiyo, Kalipentala n'kukhala pambali pa bedi osapitanso kuntchito. Masana ena mayiyo anatsegula maso n'kumuyang'anitsitsa. Bamboyo anathira madzi m'kapu mofulumira.

"Mayi, ndine. Ndinakulakwirani, mundikhululukire. Imwani madzi mmene mungafunire."

Mayiyo anayang'ana kapuyo, n'kukwinya nkhope ngati mwana woona mankhwala. Kenako anamugwira malaya.

"Bweretsani mkakawo ndimwe," ananong'ona. "Koma musapite kushedi."