Ankolo Mubita Amatamba

Mphekesera imene aliyense wakhala akunong'onezana kutchalitchi kwathu ku Rotherham ndi yakuti ankolo Mubita amatamba. Eya, kutamba komwe mukukudziwako, kwa usiku anzawo ali m'tulo. Azimayi amaikamba pokonza tiyi mapemphero akatha, ena pa basi popita ku shifiti. Akuti yafika kale ku Hull ndi ku Salford, koma kumeneko yanenepa, akuti munthuyo amayenda ndi lichero m'buti ya galimoto. Amene anaiyambitsa anthu sakumudziwa. Ndi Chiletso, mtsikana wa mukwaya uja amaimba maso ali kumwamba ngati sanalakwepo chibadwire.

Koma musathamangire kumuweruza, imvani kaye mmene zinayambira.

Chiletso ali ndi mchimwene wake, Khumbo, amene amagwira pagolo mu timu ya mpira ya pakoleji pawo. Timuyo imasewera Lachitatu masana, nthawi imene makolo ali kuntchito kapena akugona atachoka ku naiti. Ndiye ochemerera amakhala ochepa: atsikana angapo, agogo ena achizungu ndi galu wawo, komanso ankolo Mubita. Ankolowa ndi a ku Zambia, amagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo mu timumo alibemo mwana. Mwana wawo ndi mmodzi yekha, Namukolo, mnzake wa Chiletso wapamtima. Iwo amangokonda mpira basi. Anachita kupempha kuntchito kuti Lachitatu lizikhala ofu yawo. Kugwe mvula, kuzizire bwanji, amaima pampanda ndi jekete lawo lofiira n'kumakalipira osewera ngati amawalipira ndi iwo.

Sizoni inayamba moipa, tisanamizane. Gemu yoyamba anawachinya zitatu kwa duu. Yachiwiri zinayi kwa chimodzi. Yachitatu anapita ku Hull n'kukafanana mphamvu, anthu n'kumati mwina zayamba kuyenda. Yachinayi anawathira zisanu pakhomo pawo pomwe, ndipo chachisanucho mpira unadutsa m'manja mwa Khumbo pang'onopang'ono ngati ukutsanzika.

Madzulo ake ankolo Mubita anaponya uthenga wa mawu pagulupu ya WhatsApp ya tchalitchi, pomwe anthu amaikapo mavesi ndi za maliro. Uthenga wautali ngati ulaliki.

"Bane, nifuna nikambe pa timu yathu," anayamba choncho m'chinyanja chawo chija. "Kumbuyo kulibe banthu, ma defender bayenda monga bali ku malilo. Pakati bali bwino, uja mwana wa ku Poland athamanga. Kutsogolo bafunika magalasi, golo sibaiona. Koma problem ikulu ni goalkeeper. Uja Khumbo ali na manja ya sopo. Bola ikabwela iteleleka chabe. Ni Sopo uja."

Anthu ambiri anamvera mpaka pamenepo, anaseka, n'kutseka. Koma dzina linamata. Lamlungu ana a Sande sukulu ankathamangira Khumbo akufuula Sopo, Sopo. Ngakhale anti Lizzie, mayi wamkulu wathunthu, anamuitana kukhitchini n'kunena kuti, "Sopo, tandinyamulira makapuwa, koma usagwetse." Dzinalo linakwera basi mpaka kukoleji. Anyamata achizungu anafunsa tanthauzo, atauzidwa anagula sopo weniweni n'kumuikira m'magolovesi. Khumbo anabwera kunyumba, anaponya magolovesiwo pamwamba pa wodilopu, n'kuuza kochi kuti dzanja likumupweteka. Dzanja linali bwinobwino. Chakudya ankangochigwiragwira.

Amayi awo, a Clara, ndi namwino, ndipo sakonda mikangano, koma tsiku limenelo anaimba foni. Chiletso anali pamasitepe, khutu lili tcheru.

"Bambo Mubita, mwana wanga mwamuchititsa manyazi pagulu."

"Amake Khumbo, nenze kukamba chabe vazoona. Football ni football. Ngati yakubabani nizafuta."

Anafufutadi. Koma mawu akuti pepani sanatuluke, ngakhale theka lake.

Chimene ankolowo sanadziwe n'chakuti Chiletso anali atausunga kale uthengawo mufoni mwake. Ndipo iye yekha, chifukwa cha mkwiyo, anaumvera wonse mpaka kumapeto, kangapo konse, ngati munthu wokanda chilonda. Kumapetoko ankolo Mubita ankadzichemerera kuti mpira amaudziwa.

"Musaganize ati nikamba chabe. Ine nimatamba maningi. Na usiku nimatamba, bakazi banga bali gone. Uja Khumbo namutamba kuyambila game yoyamba. Nili na ma video yonse pa phone."

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Ku Zambia kutamba n'kuonera, basi. Kuonera mpira, kuonera TV. Chiletso ankadziwa bwino kwambiri, chifukwa tsiku loyamba limene Namukolo anamuuza kuti "tiye tikatambe filimu", iye anaseka mpaka kukhala pansi panjira, kenako n'kumufotokozera mnzakeyo kuti kwathu ukanena zimenezo anthu akuthawa. Inali nthabwala yawo awiri.

Chiletso anatenga uthenga uja, anadula zonse za kumayambiriro, anadulanso chiganizo chomaliza cha mavidiyo. Panatsala mawu okoma okhaokha. Anangoti mumtima, munthu amene amapatsa anzake mayina naye alawe lake.

Lamlungu anapeza anti Lizzie akutsuka makapu okha. Antiwa anabwera ku UK chaka chatha, chinyanja cha ku Zambia sanachizolowere, ndipo nkhani ikalowa m'khutu mwawo imatulukira pakamwa isanazizire.

"Anti, ine ndine mwana, sindikumva bwino zimene akunena apazi. Tamverani inu."

Anti Lizzie anamvera. Anapukuta manja, anatenga foniyo n'kuiika pakhutu, anamveranso.

"Iwe, wazitenga kuti zimenezi?"

"Zinali kumapeto kwa uthenga anafufuta uja."

"Ndiye chifukwa chake anafufuta."

"Kaya, anti."

"Usauze munthu, wamva? Tanditumizira."

Pofika Lachiwiri panalibe mayi wa ku Malawi kuno amene sanaumve. Anti Lizzie sanatchule za Chiletso, chifukwa amakonda kuti anthu aziganiza kuti zinthu amazitulukira okha.

Zinayamba pang'onopang'ono. Azimayi awiri amene ankakwera galimoto ya ankolo Mubita popita kuntchito anayamba kunena kuti basi ili bwino, n'kumaima pamvula. Anti Mwangala, akazi awo a ankolowo, anabweretsa zitumbuwa zawo za masiku onse, zimene anthu amalimbirana, ndipo anabwerera nazo beseni lodzaza. Benchi yawo ya kutchalitchi inayamba kukula, uku malo, uku malo. Ana omwe aja ankafuula Sopo anapeza dzina latsopano loti azinong'ona: a Tamba.

Ankolo Newton, amene anakhalako ku Chipata, anayesa kuwaunikira anthu. "Amayi inu, kumeneko kutamba n'kuonera. Munthuyu amanena za mpira."

"Kuonera usiku, mkazi ali m'tulo?" anatero anti Lizzie. "Mpira wanji umaseweredwa mumdima? Nanga mwana uja mpira ukumupulumuka bwanji m'manja, chikhalirecho kwawo ku Zomba ankagwira ngati nyani?"

Ankolo Mubita nawo analemba pagulupu kufotokoza, kawiri konse. Azimayi anangofunsana kuti kodi ilipo mfiti inavomerapo. Umboni woti panali chiganizo china anali ataufufuta okha ndi chala chawo. Uthenga wathunthu unatsala mufoni imodzi yokha.

Chiletso zinamukomera, ndisakunamizeni. Ankaimba kwaya akuyang'ana benchi ija, mawu akutuluka bwino kuposa kale.

Namukolo anamupeza pamalo okwerera basi, maso ali ofiira.

"Chile, message ya ba daddy uli nayo iwe. You saved it, ninakuona."

"Ndimasunga zinthu zambiri."

"Uziba what it means. Ndine ninakuphunzisa."

"Ndimadziwanso tanthauzo la sopo."

"Ba mummy balila every Sunday."

"Khumbo sakudya."

Basi inabwera, inatsegula chitseko, inatseka, inapita. Onse awiri sanasunthe.

"So ufuna chani?"

"Apepese pagulupu pomwe paja, anthu onse amve. Dzina lija alichotse ndi pakamwa pawo pomwe. Akatero nditumiza uthenga wonse, ndipo ndinena kuti ndinadula ndine."

"You're wicked, Chile."

"Ndine mlongo wake."

Kuyambira tsiku limenelo amakwera basi imodzi, wina pamwamba wina pansi.

Kukoleji nako zinthu zinali zitafika poipa. Mnyamata amene analowa m'malo mwa Khumbo anamwetsedwa zisanu ndi chimodzi gemu imodzi, moti kochi anapita yekha kukamufunsa Khumbo ngati dzanja lapola. Khumbo anakwera pampando, anatsitsa magolovesi, anawatsuka fungo la sopo. Masiku otsatirawo ankadzuka m'mawa kukamenyetsa mpira pakhoma la kuseri kwa mafulati n'kumaugwira, mpaka mzungu wa pansi anadandaula.

Lachitatu kunabwera timu ya ku Salford, imene inali isanagonjepo. Chiletso anajomba kalasi yomaliza kuti akaone. Pampanda jekete lofiira panalibe. M'malo mwake panali anti Lizzie ndi azimayi ena awiri, anthu osadziwa ngakhale kuti golo yathu ndi iti, atafunda zitenje pamwamba pa majekete, akung'ung'udza nyimbo ya mapemphero.

Khumbo tsiku limenelo anagwira. Wam'mwamba anagwira, wapansi anagwira, wina anauchotsa ndi phazi atagwa kale. Mwana wa ku Poland uja anachinya chimodzi. Kutatsala pang'ono kuti gemu ithe, woyimbira anapereka penate kwa a Salford, ndipo Chiletso anagwira waya wa mpanda mpaka unamudinda m'manja. Womenya anathamanga, Khumbo anadziponya kumanzere, mpira n'kukakamira pachifuwa pake ngati wamatidwa. Chimodzi kwa duu. Chiletso anakuwa mpaka mawu anatha.

Atatembenuka anapeza anti Lizzie akugwedeza mutu, manja ali m'mwamba.

"Mwaona? Tsiku limene sanabwere. Mwana wamasuka."

Anamukumbatira Khumbo akunena zomwezo, wamasuka, wamasuka. Palibe mmodzi mwa iwo amene anati wasewera bwino. Pagulupu azimayi ankangolemba Ameni.

Pa basi pobwerera kunyumba Khumbo anafunsa Chiletso kuti, "Ndiye akuti si ine ndagwira penate ija?"

"Asiye, ndi anti Lizzie."

"Ndadzuka m'mawa uliwonse ine. Zala zatupa izi. Koma akuti ndi chifukwa choti ankolo sanabwere." Anayang'ana pawindo. "Whoever started that thing, wandibera gemu yanga."

Chiletso foni inamulemera m'thumba.

Akudya chamadzulo, gulupu inalira. Uthenga wa mawu, wochokera kwa ankolo Mubita. Chiletso anathamangira kuchipinda, anatseka chitseko. Anatsegula kaye uthenga wakale wathunthu uja n'kuukonzeka, kungotsala kudina kamodzi kuti upite kwa anthu onse. Kenako anamvera watsopanowo.

"Bane, ndine Mubita. Lelo nenze mu motoka, kuseli kwa msewu, nenze ku..." Anaima, anatsokomola. "Kuona. Kuona na menso, monga munthu aliyense. Ma defender bayesa lelo. Kutsogolo bakali kufunika magalasi. Koma nifuna nikambe pa penalty. Ija si mankhwala, si mapemphelo. Mwana anayang'ana kwendo kwa striker, anayembekeza, sanagwe msanga. Ni nchito yake yeka. Mupaseni ulemu."

Misozi inalengeza m'maso mwa Chiletso. Mwa anthu onse aja, amene anaona zimene Khumbo anachita anali munthu yemweyo. Chala chinatsika mpaka kutsala pang'ono kukhudza galasi la foni.

"So nikamba kuli imwe bonse," anapitiriza ankolowo, ndipo mawu awo anayamba kumwetulira. "Lelo sopo yauma. Well done, Sopo."

Uthenga unathera pomwepo. Pansi pake panayamba kubwera tinkhope toseka, choyamba cha ankolo Newton, kenako ena. Kuchipinda chinacho, kumene Khumbo anali atalowa, foni yake inali ikulira ndi mauthenga a anyamata a mu timu omutcha Sopo, ndipo Chiletso anamumva akuiponya pabedi.

Namukolo analemba nthawi yomweyo. "He said it. Tumiza."

Chiletso anachotsa chala pang'onopang'ono. Anayankha kuti, "Umverenso kumapeto." Anaika foni pansi pa pilo, anabwerera kutebulo, anamaliza chakudya chake chonse mpaka kupempha china.

Lamlungu lapitali benchi ya a Mubita inali ikadali yotakasuka, beseni la zitumbuwa silinabwere n'komwe, ndipo mwana wina pakhomo anamupatsa Khumbo moni wakuti Sopo wouma. Uthenga wathunthu uja ukadali mufoni ya Chiletso, sanaufufute, sanautumize. Akuti akudikira mawu amodzi okha, ndipo akhoza kudikira mpaka sizoni ithe.

Ndiye tandiuzani inuyo, munthu atayamikira mchimwene wanu ndi dzina lomwe lija anamunyoza nalo, mukanati wapepesa n'kudina kuti uthengawo upite?