Mkanjo wa a Useni ndi Lamulo la Kabaza

A Ethel Chimpeni atapuma pa uphunzitsi, anthu a kumadzulo kwa Nsaru anawasankha kukhala khansala. Poyamba ena ankabwera kudzawapempha kuti akatsitse mtengo wa feteleza. Mayiwo ankaseka n'kuwauza kuti zimenezo n'za aphungu ku Nyumba ya Malamulo, koma za misika ndi ziweto ndiye angazitengere ku khonsolo.

Amayi ogulitsa tomato atamva zimenezi anabwera ndi dandaulo lawo. Anati Lachisanu lililonse anyamata a kabaza ankathamangitsa njinga zamoto pakati pa msika, fumbi n'kumathera pa malonda, ndipo dengu la mmodzi wa iwo, a Benedeta, linali litagundidwa kawiri. A Ethel analemba ganizo loti pa tsiku la msika njinga zizithera kunja, n'kukalipereka ku komiti.

Kumeneko anakumana ndi a Useni Mdala, khansala wa mbali ya Kabudula, mwini golosale, amenenso ana awo awiri ankayendetsa kabaza. Bamboyo anakana kwamtuwagalu, nati lamulolo lipha ntchito ya achinyamata. A Ethel sanakangane nawo. Anangowapempha kuti adzabwere okha kudzaona.

A Useni anabweradi Lachisanu, pochokera ku mzikiti, atavala mkanjo woyera mbee. Anaima pakati pa amayi aja n'kumafunsa mafunso mwaulemu. Pofika nthawi yobwerera, mkanjowo unali wofiira ngati njerwa, ndevu zomwe.

"Kodi mwaonapo chiyani, bambo?" anafunsa a Ethel, akudziletsa kuseka.

"Ndaona zoti kunyumba lero kuli mlandu," anayankha a Useni uku akudzisasa.

Pa msonkhano wa khonsolo yonse, mafumu anapereka maganizo awo ngakhale kuti savota. A Useni ataimirira, a Ethel anaganiza kuti akananso. Koma bamboyo anati akugwirizana ndi lamulolo, bola awonjezeremo mawu oti anyamata apatsidwe malo awoawo pakhomo la msika, okhala ndi mthunzi, kuti okwera aziwapeza mosavuta. A Ethel anavomera pomwepo, ndipo mumtima anachita manyazi pang'ono kuti za mthunzizo sanaziganizire. Wapampando atapempha kuti akweze manja, makhansala ndi aphungu ambiri anakweza. Otsutsa anali atatu okha.

Lamulolo linayenera kudikira kaye kuti nduna ilisayinire, ndipo a Ethel anawafotokozera amayi aja kuti zimenezi zimatenga miyezi. Koma anyamata a kabaza sanadikire. Atamva za malo awo, anadula okha mitengo ya bulugamu n'kumanga chisakasa, a Useni n'kupereka malata akale a golosale yawo. A Benedeta anasamutsa dengu lawo n'kuyamba kukazinga mandasi pafupi ndi chisakasacho, ndipo mandasiwo ankatha dzuwa lisanafike pamutu.