Nkhope ya Lino M'ndowa

Msika wa zidole wa ku Port Adelaide umachitika Loweruka loyamba la March, m'holo ya kalabu ya mpira. Noeleen Vassallo anali ndi tebulo pamsikawo kuyambira 2011, pafupi ndi khomo pomwe kamphepo kamafikako. Sankagulitsa zidole zathunthu. Ankaumba mitu yokha, yaing'ono ngati dzira la nkhunda, yoti akuluakulu osonkhanitsa zidole za asilikali azizula mutu wa kufakitale n'kuikapo wabwino. Pakati pa sabata ankapanga mano oikirira kwa dokotala wina wa ku Woodville.

M'mawa umenewo anali asanamalize kuyala nsalu pamene Warrick Thiele anafika. Warrick ndiye ankayendetsa msikawo, komanso gulu la pa intaneti la osonkhanitsa zidole a m'chigawo chonsecho. Anaika kanthu patebulo n'kuchotsa dzanja pang'onopang'ono.

Unali mutu wa Lino, mwamuna wake wa Noeleen. Dazi lomwelo, mphuno yokhota, nsidze zogundana pakati.

"Mwatopa nawo, mukufuna kubweza?" anafunsa Noeleen.

"Wanga uli kunyumba, m'kabati," anatero Warrick. "Uwu ndagula pompano. Kumbuyo uko, pafupi ndi zimbudzi, ilipo yodzaza ndowa."

Mutu umenewo Noeleen anauumba mu August 2022, Lino akusinza pa TV madzulo alionse, ndipo anautcha Kaputeni Wokalamba. Anatulutsa mitu khumi ndi iwiri yokha. Mwambo wake sunalembedwe paliponse koma aliyense amaudziwa. Woumba amanena kuti mitu ikhala ingati, amathira utomoni m'chikombole cha mphira mpaka ikwane, kenako amadula chikombolecho ndi mpeni n'kupatsa wogula aliyense kachidutswa. Wogula akafuna kugulitsanso mutu wake pamtengo wokwera, ndi zake. Noeleen sizinkamusangalatsa, koma ankangomeza malovu. Choletsedwa n'kutenga mutu woumba mnzako n'kupangirapo chikombole china. Wochita zimenezo amachotsedwa pamsika ndi m'gulu, ndipo dzina lake limaikidwa poyera.

Noeleen anavala magalasi. Utomoni wake unali wotchipa, wotuwa. Pakhutu panali kabowo ka mpweya, ndipo makwinya a pachipumi, amene anamutengera masiku ndi singano, anali atafufutika ngati sopo wosambira.

"Mmodzi mwa khumi ndi awiri aja wachita zimenezi," anatero.

"Tembenuzani."

Anatembenuza. Pansi pa khosi panali posalala. Pa mitu yonse imene anagulitsa, Noeleen anazokota nambala pamenepo. Wopanda nambala unali umodzi wokha: mutu woyamba, wadongo, umene unkakhala m'bokosi m'shedi, kanyumba kosungiramo zida, kwawo ku Semaphore.

"Komiti ikumana masana ano," anatero Warrick. "Mukudziwa mmene timachitira."

"Mukuganiza kuti ine ndingatulutse chinthu chonyansa chonchi? Taonani khutuli."

"Ine sindikuganiza kanthu, mayi Vassallo. Ndangoona kuti palibe nambala. Munatiuza kuti khumi ndi iwiri."

Noeleen anaphimba katundu wake ndi nsalu n'kulowera kumbuyo kwa holo.

Tebulo la pafupi ndi zimbudzi linali la Brenton Kuhl, mnzake wa Lino, amene ankagulitsa zidole zothyoka ndi makatoni a timikono ndi timiyendo. Pakati pa tebulo panali ndowa yoyera, ndipo pakatoni anali atalemba kuti MUTU WA CHIGAWENGA, MADOLA KHUMI. Pambali pake, pampando wopinda, panali Lino, amene ananena kuti akukaimika galimoto. Ankadya soseji ya pabuledi, atapendeketsa nkhope kuti bambo wina afananize bwino ndi kamutu kamene anali atanyamula.

"Alamu!" anatero Brenton. "Bwerani mudzaone mmene amuna anu atchukira."

"Sindine mlamu wako. Mutu woyamba unaupeza bwanji?"

Brenton anayang'ana Lino. Lino anayang'ana soseji.

"Unali Isitala wa chaka chatha," anatero Lino atameza, "muli kwa achemwali anu ku Whyalla. Anabwereka Loweruka, Lolemba unali utabwerera m'bokosi. Sunakandike ndi pang'ono pomwe."

"Munalowa m'shedi mwanga."

"Shedi ndi yathu, mayi. Makina otchetchera kapinga amagona momwemo."

"Anakupatsani chiyani?"

"Anandikonzera injini ya boti."

"Ikuyenda?"

"Ikuyesera."

Bambo wogula uja anaika kamutuko patebulo n'kupita kukaona zina. Brenton anamuyang'ana akuchoka, n'kupumira m'mwamba.

"Mukundithawitsira makasitomala," anatero. "Tamvani, alamu. Inu mwataya chiyani? Yanu munagulitsa yonse sabata imodzi. Anthu anapempha ina, inu munakana. Ndiye mnyamata wogwira ntchito mu supamaketi asakhale ndi kamutu kabwino chifukwa Warrick akufuna kukhala yekha? Warrick chamupweteka si chilungamo ayi. Amadikira kuti wakewo adzagulitse katatu mtengo wake."

"Agulitse kakhumi. Akugulitsa chinthu chimene anagula. Iwe ukugulitsa chiyani?"

"Utomoni wanga, mphira wanga, magetsi anga."

"Ndi manja a ndani?"

"Ndinapempha chilolezo, alamu." Brenton analoza Lino ndi chala chachikulu. "Kwa eni ake."

Lino anapukuta pakamwa n'kukhala tsonga. Zinkaoneka kuti mfundo imeneyi anali ataikonzekera kalekale.

"Nkhope ndi yanga, Noeleen. Ndinabadwa nayo. Mphunoyi inathyoka pa ine, mu 1979, pabwalo la panjali. Inu simunandipemphe pomwe munkaiumba. Ndinangodzuka n'kupeza ndili patebulo, opanda thupi."

"Nkhope ndi yanu, inde. Mwayenda nayo zaka zonsezi, alipo anaperekapo ngakhale senti imodzi?"

Brenton anaseka, kenako anasandutsa kusekako chifuwa.

"Ndiye akutchani chigawenga," anapitiriza Noeleen, akuloza katoni.

"Kaputeni sankayenda malonda," anatero Brenton. "Chigawenga aliyense amachifuna. Ena amaika pa thupi la wakuba kubanki, wina ku Darwin anachiveka za ansembe."

"Ku Darwin."

"Ndi ku Perth. Ku Hobart anatenga yambiri."

Noeleen anachotsa magalasi n'kuwapinda. M'holo munali mutayamba kutentha, ndipo fungo la anyezi wootcha linkalowera pazenera. Anaganiza za anthu khumi ndi awiri aja. Mmodzi anali namwino wa ku Mount Gambier amene analipira pang'onopang'ono, ndipo kachidutswa kake ka chikombole anakaika m'felemu. Noeleen anali atawalembera onse ndi dzanja lake kuti ina sidzakhalaponso.

"Chikombole ndipatse," anatero.

"Chili kunyumba. Ndipo chimenecho n'chachitatu, zoyambazo zinang'ambika. Mutha kuchitenga, koma aliyense amene wagula m'ndowamu ali ndi mbewu m'thumba. Mphira amagulitsa paliponse."

Zimenezo zinali zoona, ndipo n'zimene zinamupsetsa mtima kwambiri Noeleen. Anatembenukira kwa mwamuna wake.

"Warrick akuti ndine ndikuchita zimenezi. Akuti ndinadula chikombole chimodzi n'kupanga china kuseri. Masana ano andichotsa pamsika uno ndi m'gulu lija."

Lino anasiya kutafuna. "Inu? Koma inu simunachite kanthu."

"Kawauzeni zimenezo."

"Aise," anatero Brenton, "tisathamange. Zimenezi tikhoza kukambirana panyanja mawa."

Lino anali ataimirira kale. Anasasa nyenyeswa pamalaya n'kuuyamba wa kutsogolo, Noeleen akumutsata. Noeleen ankaganiza kuti Lino akupita patebulo la Warrick. Koma Lino anayendetsa basi zaka zambiri, ndipo anazolowera kuti nkhani yofunika amauza anthu onse nthawi imodzi. Anadutsa Warrick, anakwera papulatifomu, n'kutenga chimkuzamawu cholengezera mphoto za mpikisano.

"Lino," anatero Noeleen. "Tsikani."

"Akuluakulu, pepani pang'ono," anatero Lino, ndipo mawu ake anadzaza holo yonse. "Ine ndine Lino Vassallo. Ena mwandiona kale m'ndowa kumbuyo uko."

Anthu anaseka. Amene anali panja pa masoseji anayamba kusuzumira pakhomo.

"Mitu imeneyo akazi anga sakuidziwa. Iwo anapanga khumi ndi iwiri, n'kudula chikombole ine ndikuona, pakhitchini, ndi mpeni wanga wa nsomba. Ndine ndinatenga mutu woyamba m'shedi n'kubwereka Brenton, iwo ali ku Whyalla. Ndimati poti nkhope ndi yanga palibe mlandu. Andiuza kuti mlandu ulipo. Ndiye a komiti, ngati mukuchotsa munthu, chotsani ine. Ine ndimangobwerera masoseji."

Ena anaomba m'manja. Noeleen anaona Warrick akugwedeza mutu pang'onopang'ono. Zikanathera pamenepo. Koma Lino anali asanabweze chimkuzamawu.

"Ndipo musayerekeze kugula ya m'ndowayo," anatero. "Ndi yakuba. Brenton amuchotsa lero lomwe, ndiye simudzaionanso pamsika uno."

Kenako bambo wina wa chipewa cha udzu anasiya bokosi limene ankafufuza n'kuyamba kuyenda cha kumbuyo, ngati akupita kuchimbudzi. Awiri ena anamutsatira. Pofika pamene Warrick anapeza anzake a m'komiti n'kudutsa m'khamulo, Brenton anali akupereka chenji ndi manja onse awiri. Anthu omwewo amene pa intaneti ankalemba kuti wokopera mitu ya anzake ndi mbala anali pamzere, aliyense akuyang'ana kudenga. Wina anabweretsa cholembera, ndipo Lino anapezeka akusaina patimakatoni tokulungira mituyo, atatsamira pulatifomu.

Noeleen anabwerera patebulo lake, anachotsa nsalu, n'kukhala pansi. Mayi wina anafunsa mtengo wa mutu wa msilikali wamkazi, anayamikira maso ake, kenako anafunsa ngati ndowa ija inali kumanzere kapena kumanja.

"Kumanja," anatero Noeleen. "Tsatirani fungo."

Komiti inakumana pakhitchini ya holoyo itangokwana 1 koloko, ndipo sinachedwe. Brenton anatuluka atanyamula makatoni ake, ndowa yopanda kanthu ili m'khwapa. Podutsa patebulo la Noeleen anaima.

"Misika ina ilipo, alamu. Musade nkhawa za ine."

"Chikombole chija chifike kwathu pofika Lolemba."

"Ndibweretsa. Ndikaonenso injini ija."

"Uchiponye pampanda. Usalowe."

Warrick anabwera pambuyo pake, manja ali m'thumba. Anaima pomwe anaima m'mawa muja.

"Tebulo lanu likhala," anatero. "M'gulu ndilemba usiku uno zimene zachitika. Pepani, ndinafulumira."

"Munafulumira, koma simunalakwitse kuwerenga. Ndinati khumi ndi iwiri. Lero ilipo ingati?"

"Mlandu si wanu."

"Bokosi linali langa, ndipo silinali lokiya." Noeleen anawongola kamutu kamodzi kamene kanapendekeka pachoikirapo. "Mulembenso kuti anthu khumi ndi awiri aja ndiwaumbira mutu wina, osalipira. Ukatha, wadongowo ndiuphwanya pamodzi ndi chikombole. Zitenga mpaka July."

"Nkhope ya ndani?"

"Ya munthu woti kulibe."

Warrick anavomera ndi mutu koma sanachoke. Anayang'ana kupulatifomu, komwe Lino anali akujambulitsa ndi anyamata awiri, atakwinya nsidze kuti afanane ndi kamutu.

"Pali kanthu kena," anatero, atatsitsa mawu. "Wanga uja, weniweni uja, nambala 3. Bokosi lake ndikadali nalo. Mmene zinthu zakhaliramu, atasainapo a Lino, mwina mtengo wake sungagwe kwambiri."

Noeleen anavala magalasi n'kumuyang'ana kudzera pamwamba pake.

"Mzere ndi uwo," anatero, akuloza komwe kunali Lino. "Kaimeni kumbuyo."