Bowa wa M'mapaini

Mlongo wanga Bizwell ali ndi munda kuseri kwa phiri, kuno ku Nthalire, ndipo chimanga chikayamba kukhwima amakaswera konko kulimbana ndi anyani. Amanyamuka m'mamawa ndi kampoto, mchere, chinangwa ndi ndiwo zouma, n'kumakadziphikira yekha m'kachisakasa. Ine ndimamuuza kuti anyaniwo amamuyesa mnzawo, kungoti uyu anatola jekete.

Tsiku limenelo pakhomo tinatsala awiri, ine ndi Lusungu, mkazi wa mwana wake Harrison. Harrisonyo anali atapita ku Boma kukasaka malata. Lusungu anakulira ku Mzuzu, koma mwambo wathu anaugwira kuposa eni akefe. Kuno mkamwana sayankhulana ndi apongozi ake aamuna, sawayang'ana kumaso, akakumana panjira amapatukira kutchire. Ambiri masiku ano amangochita mwa apo ndi apo. Lusungu ayi. Ankaopa kunenedwa kuti ndi wa m'tauni, moti tsiku lina analowa m'khola la nkhumba atangomva Bizwell akutsokomola.

Tinali pakhonde, tikumanga bowa wouma m'masamba a masuku kuti tipachike kudenga la khitchini, komwe utsi umathamangitsa tizilombo. Ndinkamuphunzitsa kuti bowa amasankhidwa akadali muwisi, mmodzimmodzi, ukuona tsinde ndi kunsi kwake. Kenako umamuwiritsa pang'ono, n'kumuyanika pathandala mpaka azithyoka. Akauma basi, yense amafanana, wakuda, wokwinyika ngati makutu angawa.

Ndinamufunsa moseka kuti bowa wambiri chonchi anamuba kwa yani, poti ine mwezi wa bowa ndinakhalitsa ku maliro ku Lufita. Iye anaseka, nati ambiriwo anazula ndi amayi a m'mudzi muno m'tchire lathu lomweli. Koma wabwino kwambiri anamupeza yekha, m'mapaini a kuseri kwa tchalitchi, woyera, wonenepa ngati ndelema, ndipo anadabwa kuti anthu amangomudutsa.

Luzi limene ndinagwira linandipulumuka.

Ndinamuuza kuti m'mapaini ndi m'mabulugamu sitizulamo. Amamera mmenemo wina wofanana ndi ndelema, ndipo anthu amamudutsa chifukwa anaika kale m'manda anthu amene sanamudutse. Anandifunsa ngati kuwiritsa ndi dzuwa sizichotsa poizoniyo. Ndinati sizichotsa. Ndinafunsa kuti ali m'phukusi liti mwa amene tamangawa kuti titaye.

Lusungu anayang'ana pa msomali wa pakhomo pa Bizwell. Pamenepo ndi pamene amapachika chilichonse chopita kwa apongozi ake, poti sangawapatse m'manja. Msomaliwo unali wopanda kanthu.

"Ankhazi," anatero, poti kuno azakhali timati ankhazi, "ndinamuyanika payekha palichero. Ndinati wokongolayu akhale wa adada. Atenga lero."

Anaimba foni ya Bizwell. Inalira m'nyumba mwake momwemo, pawindo pomwe anaisiya pa sola. M'mudzi munali zii, aliyense ali kumunda kwake, ndipo kukasaka mwamuna wothamanga kukanatidyera nthawi yomwe tinalibe. Bizwell amadya masana, chithunzithunzi chikalowa kunsi kwa mapazi. Ndinayang'ana changa. Chinali chitatsala kachidutswa.

Tinanyamuka, ine ndi ndodo yanga ndi bondo langa lija limene limagwira ntchito likafuna. Mpaka kumtsinje ndinayesetsa. Pokwera chitunda mpweya unandithawa. Lusungu anati andibereke, ndipo anandiberekadi, koma tinayenda pang'ono tonse n'kukhala pansi m'tsekera ngati matumba. Ndinamuuza kuti atsogole. Anayamba kufunsa kuti akafika akatani, iye sangaime pamaso pawo, Harrison akamva adzati chiyani, anthu adzati chiyani.

"Iwe mwana," ndinatero, "ukamuyankhula akulipiritsa nkhuku, ndipo nkhuku ndili nazo. Mlongo ndili naye mmodzi. Thamanga."

Anathamanga. Ine ndinakwera chokwawa mpaka pamwamba, pomwe munda wonse umaonekera kutsidya kwa khwawa. Utsi unkatuluka pakachisakasa. Bizwell anali atakhala pachitsa, akukoka chingwe chimene anamangirirapo zitini zoopsezera anyani. Ndinakuwa dzina lake mpaka kukhosi kunauma. Zitini zinkangolira, ndipo munthuyo khutu lake lamanzere linapuma ntchito kalekale.

Lusungu ndinamuona atafika m'mphepete mwa munda, n'kuima kuseri kwa mtengo wa msuku. Anaima. Ndinamuona akuomba m'manja mogwada, monga timachitira poodira. Bizwell sanacheuke. Lusungu anatola chibuluma n'kuponya chapafupi ndi kachisakasa. Bizwell anadzuka, natenga legeni, n'kulasa mwala kumsuku komweko, kenako n'kubwerera pachitsa atakhutira kuti nyani wamva.

Ndinayamba kutsetsereka kukhwawa chokhala, miyala ikundisenda. Maso sindinawachotse pa Bizwell. Anaphula kampoto. Anakhuthulira m'mbale. Anatenga chigubu n'kuyamba kusamba m'manja, pang'onopang'ono, chala chilichonse pachokha ngati akupita kukadya kwa abusa. Mwana uja anali akadali kuseri kwa mtengo.

Bizwell atanyema chinangwa, ndinaona chitenje chikuuluka pakati pa mizere ya chimanga. Lusungu anali atadzifunda kumutu, akuthamanga osaona bwino kutsogolo. Anafika, nalanda mbale ija pamiyendo ya apongozi ake n'kuikhuthulira paphulusa, kampotonso chimodzimodzi. Kenako anagwada atawafulatira. Ndinali nditafika kumunsi kwa munda, ndipo mawu ake ndinawamva.

"Adada, musadye. Bowayu ndi wakupha. Ndinazula ndine."

Bizwell anatembenuzira nkhope kuphiri, chinangwa chikadali m'manja. Lusungu anafunsa ngati analawako. Sanayankhe. Anafunsanso, akulira tsopano. Munthu uja anangouma khosi ngati chitsa anakhalirapocho, kudikira ine, pomwe ine ndinali kulimbana ndi mizere yake yaitali ngati manda.

Nditafika anayamba kundifunsa ngati mwanayu wazungulira mutu, ngati ulemu unatha pamudzi pano, ngati ndine ndamutuma poti zopusa zonse zimayambira kwa ine. Ndinamusiya atulutse mpweya, kenako ndinamugogoda ndi ndodo pabondo.

"Walawa kapena sunalawe?"

Anati analawa mchere basi. Ndinamuyang'anitsitsa. Bizwell ndinamubereka kumsana ali khanda, bodza lake ndimalidziwira pamphuno. Anavomera kuti anatafunako tizidutswa tingapo akuvundula, poti fungo linali labwino, koma m'mimba muli bwinobwino, sakumva kalikonse, ndipo sangasiye chimanga chake chifukwa cha mantha a azimayi.

Ndinamuuza kuti bowa ameneyu sapweteka tsiku lomwelo. Amakusiya uyende, useke, ugone, iye ali mkati kudya chiwindi. Ukadzayamba kusanza amakhala atapita patali. Wina amathamangira kuchipatala akadali wamphamvu, wina amadzapita atanyamulidwa, asankhe yekha. Anayang'ana phulusa lonyowa lija kwa kanthawi, n'kutenga jekete lake.

Lusungu anatola zidutswa za paphulusa ndi wouma wotsala, nakulunga m'tsamba kuti adokotala akaone. Kumsewu tinapeza njinga yamoto imodzi yokha. Lusungu amayenera kupita, poti ndi iye yekha anamuona bowayo ali muwisi, koma sakanakhala mogundana ndi apongozi ake. Ndiye anandiika ine pakati ngati mpanda. Woyendetsa kutsogolo, Bizwell, ine, Lusungu kumapeto atalendewera pa chitsulo. Msewu wathu mukuudziwa. Pa dzenje lililonse ndinkafunsa Bizwell ngati m'mimba mwayamba, iye n'kumati chayamba ndi chigongono changa m'nthiti zake.

Kuchipatala chaching'ono anamumwetsa madzi akuda ngati makala, n'kutitumiza ku Boma madzulo omwewo, iye akukanabe kuti sakudwala. M'mawa mwake anasiya kukana. Kusanza, kutsegula m'mimba, munthu kufota tikumuona. Madokotala anamuika madiripi, namutenga magazi mobwerezabwereza. Anatiuza kuti ngakhale aoneke ngati wapezako bwino tisasangalale msanga, tidikire magaziwo anene. Maso ake anayamba chikasu. Harrison anabwera, n'kumangoyendayenda pakhonde. Ine nthabwala zinandithera, ndinkangomupukuta pakamwa ndi kumutchula mayina a ubwana kuti akwiye, ndione kuti akadalimo.

Lusungu sanalowe m'chipindamo ngakhale kamodzi. Ankakhala panja kunsi kwa windo la bedi la Bizwell, dzuwa ndi mvula, akuchapa nsalu zimene ndinkamuponyera.

Tsiku lina m'mawa adokotala anabwera ndi pepala la magazi, nati chiwindi chayamba kubwerera, zinathandiza n'zakuti anadya pang'ono ndipo anafika msanga. Bizwell anatsegula maso n'kufunsa ngati m'chipatala muno anthu amamwa tiyi kapena amangowaonetsa makapu.

Ndinatuluka. Lusungu anaimirira, manja ali thovu, akungondiyang'ana pakamwa.

"Akufuna tiyi," ndinatero. "Wa shuga wambiri."

Anakhala pansi pomwepo, nabisa nkhope m'chitenje kwa nthawi ndithu. Kenako anapukuta manja n'kupita kukasaka madzi otentha.