Khutu la Makaniko ndi Chifuwa cha Mayi

Tsiku lokaona mdzukulu wawo woyamba, Mayi anadzuka akutsokomola, mutu ukuwawa, m'thupi monse mukuphwanya. Chikwama cha matewera chinali kale pakhomo.

Amuna awo ndi makaniko, ndipo khutu lawo amalinyadira kwabasi. Galimoto ikangolira pageti, iwo adziwa kale chavuta. Tsoka lake, ankaganiza kuti luso limeneli limagwiranso pa anthu.

"Tatsokomolaninso, mayi," anatero atapendeketsa mutu.

Mayi anatsokomola.

"Chimfine wamba ichi. Korona imamveka mouma. Tiyeni, basi ingatisiye."

Mayi mtima unali kale kwa khandalo, koma mantha analipo. Nanga akakalipatsira matenda?

Namwino woyandikana nawo nyumba ankayanika zovala kuseri kwa mpanda, ndipo anamva zonse. Anaseka mpaka kugwetsa thaulo.

"Aneba, akazi anuwo si lole ayi," anatero. "Chimfine ndi korona zimafanana kwambiri: kutentha thupi, chifuwa, zilonda zapakhosi, kuphwanya m'thupi. Ena odwala korona samva fungo kapena kukoma kwa chakudya, koma si onse."

"Ndiye inu mumasiyanitsa bwanji?" anafunsa Bambo, manyazi atawagwira pang'ono.

"Ngakhale ine ndi khutu sindingathe. Timayeza basi. Komanso kaya ndi chimfine, kaya ndi korona, khanda lobadwa kumene silingalimbe nazo."

Awiriwo anavala zotchinga pakamwa ndi pamphuno n'kupita kuchipatala. Mayi anawapeza ndi korona. Bambo analibe, ndipo ulendo wonse wobwerera sanatchule za injini.

Kunena zoona, Mayi analira. Koma anatsatira malangizo: kugona chipinda chaokha, kutsegula mawindo, kusamba m'manja ndi sopo, kumwa madzi ambiri, ndi kuthamangira kuchipatala ngati mpweya utayamba kubanika. Bambo anasanduka wophika, ngakhale mchere unkawapulumuka m'dzanja. Mdzukulu, Mayi ankamuonera pafoni.

Atachira, ananyamuka ndi chikwama chawo. Mwana wawo wamkazi anawaika khandalo m'manja, lonenepa, lathanzi, likuyasamula.

"Amama, mwachedwa," anatero mwanthabwala.

"Ndachedwa, mwanawe, koma ndabwera ndekha, wopanda matenda."

Chifuwa sichinena dzina lake. Mukayamba kutsokomola ndi kutentha thupi, musangoganizira kuti ndi chimfine. Pitani mukayezetse, ndipo talikiranani ndi makanda, okalamba ndi odwala mpaka mutachira.