Dzanja Lamanja la Kalipentala

Chilonda chinapola bwinobwino, koma ululu sunachoke. Kalipentalayo anadzicheka ndi sowo yamagetsi pamkono wamanja, pafupi ndi chikhatho, ndipo patapita miyezi itatu panangotsala chipsera chopyapyala ngati ulusi. Koma dzanjalo linkayaka. Malaya akangolikhudza, ankamva ngati wina wamuthira madzi owira. Ngakhale kamphepo kolowera pazenera la shopu kankamugwetsa misozi.

Dokotala anamufotokozera modekha. "Mtsempha wotumiza mauthenga ku ubongo unaduka, bambo, ndipo polumikizananso sunalunge. Ukumangokuwa popanda choukhudza, ubongo wanu n'kuzolowera kukuwako. N'chifukwa chake kusisita mukukumva ngati kuwotcha."

"Ndiye kuti ululuwu ndi wabodza?"

"Ayi, ndi weniweni. Kungoti sukuchokeranso pachilonda."

Mapiritsi ankangomupatsa tulo. Anzake pashopu ankamunena kuti ulesi wapeza pobisala. Mkazi wake yekha ndiye anamukhulupirira. Anamudulira manja a malaya onse, n'kuphunzira kumayenda kumanzere kwake. "Zaka makumi atatu ndakhala kumanja kwanu, bambo a mwana," ankatero akuseka, "lero mwanditsitsa paudindo popanda kalata."

Chaka chotsatira mayiyo anadwala impso ndipo anagonekedwa m'chipatala. Lachinayi lina masana, kalipentala anapita kukamuona pamodzi ndi mwana wawo wamkazi. Anamupeza atafookeratu, milomo itauma. Bamboyo atawerama kuti amukonzere pilo, mkaziyo anatambasula mkono n'kugwira dzanja lamanja lija, monga ankachitira kale.

Moto unakwera mpaka m'phewa. Asanaganize n'komwe, bamboyo anakuwa n'kulitsomphola dzanjalo, kapu yamadzi n'kugwa pansi. Odwala ena anatembenuka.

"Pepani," mkaziyo ananong'ona. "Ndinaiwala."

Kalipentala anazungulira bedi mofulumira kuti amupatse lamanzere, koma mayiyo anali atabweza kale manja ake m'bulangete, atatseka maso. Bamboyo anaima pomwepo, akudikira kuti aphenyenso, mpaka namwino anabwera kudzanena kuti nthawi yoona odwala yatha. M'mawa mwake anapeza bedilo atayalapo nsalu zina.

Pamaliro, aliyense wobwera kudzapepesa ankamupatsa dzanja lamanja. Anthu ankalifinya mwachifundo, iye thukuta lili kamukamu, mano atalumana.

"Adadi, apatseni lamanzere," mwana wake anamuchonderera.

"Asiye agwire, mwanawe."

Patapita mwezi, anabwerera kwa dokotala uja ndipo anamuuza zonse, maso ali pansi. Dokotala anamulembera kapepala ka mankhwala, kenaka anati:

"Simunasankhe kulichotsa dzanjalo, bambo. Thupi limathawa ululu wotere maganizo asanafike. Palibe munthu amene akanapirira."

"Ndamva, adokotala," anayankha kalipentala, akupinda kapepala ka mankhwala ndi dzanja limodzi. "Koma akazi anga anapita akuganiza kuti andilakwira."

Anatuluka, n'kukakhala pabenchi lapakhonde kwa nthawi yaitali asanapite kukakwera basi.